Mpando wa Shoko

Mudzi wa Chamwala, Chadiza
2 Juni 1988

Mwana wanga Nikodemo,

Ndine amako, aNambewe. Dzanja lolemba ndi la a Phineas Miti, monga mwa masiku onse. Muli bwanji kumeneko ndi mpongozi wanga Tryness ndi mdzukulu wanga Sampa? Kuno ine ndadzuka, koma atate ako ayi.

Miyendo yawo yatupa kufika m'mawondo. Amagona chokhala, chifukwa akagona chagada mpweya umawathawa. Tinawanyamula pa ngolo kupita nawo ku kiliniki. Namwino anawapatsa timapilitsi tochotsa madzi, nati mtima wawo watopa, ndipo oupima bwino ali ku chipatala chachikulu ku Lusaka komweko. Basi kuno imabwera kamodzi pa mlungu ikakumbukira, ndipo anthu amakwerera pa zenera. Munthu wosatha kuimirira sangailowe.

Tsono atate ako akuti ubwere ndi Tizafika. Akuti vanetiyo ndi yawo, anangokubwereka pamene maso awo anachita ng'ala, ndipo tsopano akuifuna idzanyamule mwini wake. Uyale matiresi kumbuyo. Akutinso uthire madzi mu injini usanayambe kukwera mapiri a Manenekela, chifukwa iwe umayendetsa galimoto ngati munthu wowerenga buku. Mawu amenewo ndi awo, si anga.

Usachedwe, mwana wanga. Dzulo anandifunsa ngati msewu wa kudambo wauma.

Ndine amako,
aNambewe

Mawu owonjezera a ine wolemba: Nthambi yathu ya Chipani idzasankha atsogoleri mwezi wa Ogasiti. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala pampando popanda wodandaula. Anthu ophunzira akamalemba makalata akumudzi azikumbukira kulonjera maudindo. M'kalata yanu yapitayi munanditchula kuti "mlembi wa amama". Ine ndine Wapampando.
P. Miti

Kabwata, Lusaka
13 Juni 1988

Amama,

Landirani moni wa ku Kabwata, kumene tili moyo mochita kukakamira. Tryness ali bwino. Sampa wamera mano awiri, ndipo tikumufunira chinthu choti azitafuna nawo, poti ufa tikuuonera pa mzere. Ndilonjerenso dzanja lolemekezeka limene lagwira pepalali, la a Wapampando, pamodzi ndi chidindo chawo, inki yawo ndi magalasi awo. Ndikhulupirira kuti tsopano palibe udindo umene ndaudumpha.

Kalata yanu yayenda masiku asanu ndi atatu. Ndinaiwerenga chiimirire pa geti ya sukulu, ndipo ana anga a fomu folo tsiku limenelo anaphunzira mbiri ya Undi kwa mphunzitsi amene mutu wake unali ku Chamwala. Madzulo omwewo ndinatulutsa Tizafika kuti ndikafune petulo. Pafupi ndi msika pali dzenje limene ife a kuno timalipatsa ulemu, chifukwa ndi lakale kuposa ambiri a ife. Ndinalizemba kumanja, linandipeza kumanzere. Kumbuyo kunangoti gwe, kenako gu, gu, gu, ngati pali munthu pansi pa galimoto wopempha kuti timutsegulire.

Ndinapita nayo kwa Ba Chisanga ku Libala. Ndi munthu wa ku migodi, wowotcherera zitsulo kuseri kwa nyumba yake, ndipo Chinyanja chake chimayenda motsimphina kuposa Tizafika. Anaikweza pa jeke, analowa pansi, anakhalamo nthawi yoti munthu angasende chinangwa, kenako anandiitana.

"Ba Ticha, bwelani muone. Shoko ilibe mulandu. Ni mupando wake wafa."

Atate adziwa zimenezi, koma inu amama ndikufotokozereni. Shoko ndi kachitsulo kooneka ngati mpope wa njinga, kokhala kuseri kwa tayala, kamene kamameza mabampu kuti okwera asamadumphe ngati chimanga m'lichero. Mutu wake umamangidwa ndi bawuti pa kakhutu kachitsulo kowotchereredwa ku chesesi, ndiwo msana wa galimoto. Kakhutu kameneko amakaniko a kuno amakatcha mpando, poti ndi pamene shoko imakhala.

Ndinalowa pansipo ndi malaya anga a kusukulu kuti ndikauone ndekha mpandowo. Amama, ndi zomvetsa chisoni. Wakhala pamalo amodzi zaka khumi ndi zinayi popanda wina woufunsa kanthu. Kunja penti, mkati dzimbiri lokhalokha. Ukaugogoda umalira ngati chinthu cholimba, ukaukanikiza chala chimalowa. Ndipo chifukwa cha mpando umodzi wovundawu, amene amamva kupweteka ndi onse okwera kumbuyo. Ba Chisanga akuti mpando wa shoko ukafika pamenepa sapaka penti ndipo sanyengerera. Kudula, kutaya, kuika wina watsopano.

Tsopano mumvetsere bwino tsamba lachiwiri lino, chifukwa ndi pamene pali nkhani.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, Ba Chisanga amange shokoyo ndi waya kuti isamagogode, ine ndinyamuke mawa lake. Galimoto idzafika, koma kumbuyo kudzakhala kukudumpha njira yonse, ndipo munthu wodwala mtima adzamva mwala uliwonse kuchokera ku Chamwala mpaka ku Chelstone, polowera mu Lusaka. Ba Chisanga akuopanso kuti dzimbiri lalowa m'chesesi, ndipo mng'alu ungakule tili pakati pa mapiri. Njira yachiwiri, adule povunda ponse, aike chitsulo chatsopano, awotcherere mpando wina. Atate adzagona pa matiresi awo ngati mwana wa anthu olemera a ku Kabulonga. Koma zimenezo zifuna milungu itatu kapena inayi, chifukwa m'dziko lathu lolemerali ndodo zowotcherera zimasowa kuposa sopo. Ndipo akangodula, galimoto siyendanso mpaka atamaliza.

Inu ndinu mukuwaona atate, ine sindikuwaona. Ngati sangadikire, pemphani a Wapampando akwere njinga yawo kupita pa boma, akanditumizire telegalamu ya liwu limodzi lokha: WAYA. Tsiku lomwelo ndidzanyamuka. Ndidikira mpaka pa 24. Mukakhala chete, ndidzadziwa kuti atate angapirire, ndipo tidzadula.

Muwauze atate kuti madzi ndidzathira, ndipo buku ndidzalisiya kunyumba.

Ndine mwana wanu,
Nicodemus

Nthambi ya Chamwala, Chadiza
27 Juni 1988

Kwa Bambo Nicodemus Sakala, B.A.,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino, pakuti munthu wodwala sangakhale ndi mphamvu zolembera zimene munalemba.

Kalata yanu ya pa 13 Juni inafika pa 20. Monga mwa chizolowezi changa, ndinayamba kuiwerenga ndekha pa sitolo ndisanapite nayo kwa amayi anu, kuti ndikonzekere mawu ovuta. Ndithokoza Mulungu kuti ndinatero. Ndakhala nayo mlungu wathunthu ndikudzifunsa ngati ndiyankhe.

Choyamba, ndafunsa anthu atatu amene anakwerapo galimoto, kuphatikizapo a katekisiti. Onse akuti mipando ya galimoto imakhala mkati. Palibe anaonapo mpando pansi pa galimoto.

Chachiwiri, mpando umene wakhala zaka khumi ndi zinayi m'dera lino ndi umodzi, ndipo ndinakuuzani ndine m'kalata ya amayi anu.

Chachitatu, mwina mumaganiza kuti Miti sanayende. Ine ndinagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi pa famu ya fodya ku Rodeshiya inu musanabadwe. Kumeneko shoko ndi pusi. Mpando wa shoko ndaumva bwino lomwe.

Chachinayi, mawu oti kudula, kutaya ndi kuika wina, olembedwa miyezi iwiri chisankho chisanachitike, si mawu a galimoto.

Ine ndinakulemberani kalata yokuchitirani umboni pamene munkapita ku sekondale opanda nsapato. Sindinadziwe kuti ndikunola mpeni.

Tsamba lachiwiri sindinaliwerenge, chifukwa loyambalo linandikwana. Amayi anu ndawauza kuti mwawapatsa moni, ndipo zotsalazo ndi nkhani za ndale zosayenera makutu awo. Kalatayo ndaitsekera m'bokosi la Nthambi ngati umboni. Sindinaitumize pa boma chifukwa cha ulemu wa atate anu, a Abson Sakala, amene ananyamulapo mbendera zathu pa galimoto yomweyo osadandaula. Kuyambira lero dzanja langa silidzawerenga kapena kulemba kanthu ka banja la a Sakala kufikira nditalandira kupepesa kolemba. Makalata anu ena akafika adzasungidwa osatsegula.

Atate anu alipo.

Ndine mu utumiki wa anthu,
P. Miti, Wapampando

Kabwata, Lusaka
4 Julaye 1988

Amama,

Moni nonse, ndi dzanja lolemekezeka lomwe. Lero ndi tchuthi, mzinda wonse uli pa bwalo kumvera ng'oma ndi malankhulidwe, ine ndili pakhonde ndi zala zakuda zosamva sopo, ngakhale sopoyo akadakhalapo.

Chiyambire kubadwa sindinakondwerepo ndi kukhala chete kwanu ngati tsopano. Tsiku lililonse mpaka pa 24 ndinkafunsa kwa mlembi wa pasukulu ngati kwabwera telegalamu, mpaka anayamba kundibisalira kuseri kwa kabati. Ndinawonjezera masiku awiri a ulere. Sikunabwere kanthu. Tryness anati, "Ndiye kuti mapilitsi aja agwira." Ndinagona tulo koyamba.

Tsono tadula. Ndikuti tadula ngakhale ntchito yanga inali kugwira tochi, masana dzuwa lili phwee, ndi kudzudzulidwa. Ba Chisanga anayamba ndi hamala yaing'ono, kugogoda chesesi pang'onopang'ono ngati dokotala pa chifuwa. Polimba pamalira ngwe, povunda pamangoti phu. Anazungulira povundapo ndi choko chimene ndinaba kusukulu, kenako sowo ndi tchizulo. Dzimbiri limene linagwa pansi mukadaliwola mukadadzaza mbale. Pamene panali mpando tsopano pali dzenje loti nkhonya yanga imalowa ndi kutuluka. Ndinawafunsa ngati sanadule mopitirira.

"Ba Ticha, imwe mukachonga mapepala, mwana akalemba zaboza muma siyako half cifukwa ca cifundo?"

Ndinati ayi.

"Manje nkhalani zii, gwilani tochi."

Zaka zinayi za pa Yunivesite, amama, ndi gauni lobwereka.

Chitsulo chatsopano tinachipeza ku Emmasdale, kwa mkulu wina wogulitsa mitembo ya malole. Ba Chisanga anajambula maonekedwe a mpandowo pa katoni, nadula katoniyo, naiyesa pamalo pake kasanu, ndipo atakhutira ndi pamene anaigoneka pachitsulo ndi kulemba mzere. Akuti wodula chitsulo asanadule katoni ndi munthu wolemera kapena wopusa, ndipo iwo si wolemera. Bowo la bawuti aboola kale. Timphira totchinga bawutiyo asema ku tayala lakale, ndipo tikuoneka bwino kuposa ta m'sitolo, timene palibe anationa chiyambire chaka chatha.

Chatsala ndi kuwotcherera. Ndodo tinazisaka ku Kamwala, m'tauni, mpaka ku Chelstone kwa mkulu wa mpingo wa Ba Chisanga, amene walonjeza khumi ndi ziwiri Lachinayi likudzali. Kenako tipemphere magetsi, chifukwa ku Libala amabwera ngati mkamwini waulesi, nthawi ya chakudya yokha. Ndipo Loweruka musawerengereko. Ba Chisanga ndi a Sabata. Kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa, ngakhale sipanala itagwa pansi satola.

Tizafika ili pa miyala, matayala akumbuyo ali pambali, nkhuku za eni nyumba zayamba kale kuiyesa chikwere. Koma ndikawerenga bwino, pa 14 ndidzanyamuka. Malo ku chipatala ndafunsa kale kudzera kwa mnzake wa Tryness amene ndi namwino kumeneko. Matiresi tasankha athu a pabedi, ife tidzagona pa mphasa.

Muwauze atate kuti adzayenda osamva ngakhale kamwala. Akadzadandaula kanthu pa ulendowu, adzadandaule za woyendetsa basi.

Ndine mwana wanu,
Nicodemus

Kabwata, Lusaka
Loweruka, 9 Julaye 1988

A Wapampando, a Miti,

Kalata yanu ya pa 27 Juni ndailandira mmawa uno. Ndinayamba kukuyankhani ndi chithunzi cha pansi pa galimoto, mivi yolozera, ndi mawu ena okhudza pusi amene ndinakondwera nawo kwambiri. Kenako ndinawerenganso mzere wanu wonena za tsamba lachiwiri. Pepala lija ndang'amba.

Ndapepesa. Ndikupepesa molemba, monga mwafunira. Ngati mufuna ndidzabwerezenso pamaso pa Nthambi yonse nditagwada, ndidzatero. Mawu amene mufuna ndisaine, lembani, ndidzasaina osawerenga.

Chonde tsegulani bokosi. Muwawerengere amama tsamba lachiwiri lero lomwe. Muwauze kuti sindinakhale chete dala, ndimayesa iwo ndi amene andiyankha.

Galimoto singayende. Ili ndi dzenje pa msana limene tinaboola tokha. Ndinathamangira ku tchalitchi kwa Ba Chisanga, ndinawatulutsa pakati pa nyimbo. Atamva anavula tayi naika m'thumba, nati, "Ng'ombe ikagwela mu chisime pa Sabata, tima ichosa." Zaka makumi awiri munthuyu sanagwirepo chitsulo Loweruka. Tafika kunyumba kwawo, tamangirira zonse, ayatsa makina. Magetsi kulibe. Takhala pansi pa galimoto anthu awiri kuyang'ana babu.

Akangobwera magetsi tiwotcherera, penti idzaumira m'njira. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole yokatenga chimanga ku Chadiza. Muwauze atate kuti ndikubwera.

Ndine mwana wanu,
Nicodemus Sakala

Chamwala
10 Julaye

Achimwene,

Ndine Lena mlongo wanu. Pepani kalembedwe, mudziwa sukulu ndinalekezera panjira. Muli bwanji ndi alamu ndi mwana.

Atate anatisiya Lachinayi dzuwa litapendeka. Tawaika dzulo. Sitikanatha kusunga chifukwa cha kutupa kuja.

Ine ndinabwera kuchokera ku Katete Lolemba, nditamva kwa anthu. Amama anandiuza kuti munalemba kalata ya ndale, a Miti akwiya, ndipo iwo anaopa kuwauza atate. Ndinapita kwa a Miti kuti andipatse ndiyese kuwerenga ndekha. Anali atapita pa boma ku zikondwerero ndi kiyi wa bokosi m'thumba. Anabwerako Lachisanu, anapeza anthu ali kale pa maliro.

Atate sanakudandauleni. Tsiku lililonse ankati tiwakhazike pakhomo poyang'ana ku msewu wa kudambo, ngakhale maso saona. Ankati injini ya Tizafika adzaimva isanawoloke mlatho. Lachitatu amama anati, mwana uja watitaya. Atate anati ayi, ndi mpando wa kumanzere uja, unayamba kale kulira ine ndisanamupatse, ndinaiwala kumuuza. Ife tinayesa mutu wayamba kusokonezeka, tinawabweretsera mpando wa ndalema. Anaseka mpaka kutsokomola.

Nsapato zawo zakuda anati tizipukute zikhale pafupi, za ulendo wa ku Lusaka. Mapazi sakanalowamo. Tawaika nazo.

 Ine sindikufunsani kanthu, achimwene, koma anthu akufunsa. Bwerani mudzayankhe nokha.

Kalatayi ndapatsira wopita ku Katete akaponye.

Ndine Lena

Chamwala, Chadiza
17 Julaye 1988

Tryness, amake Sampa,

Moni. Mwana ali bwanji, chifuwa chija chatha? Pofika lero kalata ya Lena iyenera kuti yafika kumeneko, ndipo ukudziwa zimene ine sindinkadziwa pamene unkandithandiza kukweza matiresi Lachiwiri lija. Tinaphonyana nayo panjira. Usaitumize kuno. Ndauzidwa zonse pamaso.

Uwauze Ba Chisanga kuti mpando wawo wagwira. Manenekela ndinakwera, mlatho wa Luangwa ndinawoloka, asilikali a pa mlatho anagwedeza galimoto kufuna zimene amafunazo, msewu wafumbi wa ku Chadiza uli ngati bolodi lochapirapo zovala, koma kumbuyo sikunagogode ngakhale kamodzi. Ndinaika kapu ya madzi pa matiresi nditapitirira Katete kuti ndiyese. Sanatayike. Ndinkayendetsa ndikukonza mawu oti ndidzawanyadire nawo atate.

Ndinafika Lachitatu masana. Nditawoloka mlatho wa kudambo ndinaliza hutala kawiri monga ankachitira iwo. Palibe anathamanga. Pabwalo panali phulusa la moto waukulu ndi zitsa zosapsa bwino, ndipo amama anatuluka m'nyumba ndi mutu wometa. Anayang'ana galimoto, anayang'ana matiresi, nati, "Wayala bwino." 

Kumanda ndinapita ndi Lena. Za kumeneko ndidzakuuza pakamwa.

A Miti anabwera Lachisanu mmawa, atavala suti yawo ya misonkhano, bokosi lili m'khwapa. Kupepesa kwanga kunawapeza Lachiwiri, atate atagona kale masiku atatu m'nthaka. Ndinali nditakonzekera. Masiku awiri ndinakhala ndikusula mawu, ndipo ukundidziwa, anali mawu abwino, oti munthu akawamva sadzaiwala mpaka kufa. Iwo sanandipatse mpata. Anandilonjera, anakhuza maliro, kenako anati, "Ndionetseni."

Ndinawalozera kuseri kwa tayala. Mkulu wa zaka makumi asanu ndi limodzi anavula chipewa, anagona chagada m'fumbi ndi suti yake, nadzikoka kulowa pansi pa Tizafika. Kunja kunatsala miyendo yokha. Ndinamva chala chikugogoda chitsulo. Anakhalamo nthawi yaitali kuposa imene munthu angafune kuti aone kakhutu kamodzi kopaka penti yofiira. Potuluka sanadzisase fumbi.

"Ulipodi," anatero.

Tryness, apa ndi pamene pali chimene sindinauze munthu. Mawu anga onse aja anandithera m'kamwa, chifukwa ndinakumbukira buku la galimoto limene lili m'kabokosi ka kutsogolo. Tizafika ndi ya 1971. Mpando uja unakhala pamalo pake zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ine ndinalemba khumi ndi zinayi. Ndinawerenga mawu owonjezera aja a a Miti, ndinaseka, ndipo polemba ndinachotsa zaka zitatu kuti nsapato iwakwane. Za pusi sindinkazidziwa, Mulungu ndi mboni, koma zotsalazo ndinkadziwa amene adzaziwerenge. Ndinaika mbola pa tsamba loyamba, moyo wa atate pa tsamba lachiwiri, ndipo ndinanyambita envulopu ndikumwetulira. Unandifunsa chimene ndinkaseka. Ndinati palibe.

A Miti anatsegula bokosi natulutsa makalata anga awiri, ina yotsegula, ina yomata. Anafuna kundipatsa. Amama anali atakhala pamphasa pafupi ndi chitseko chakumbuyo cha galimoto, pansi pa malemba aja a TIZAFIKA amene atate analembetsa ku Kamwala. Amama anati, "Musampatse iye. Kalata ndi yanga. Wowerenga makalata anga ndinu, a Miti. Werengani yonse."

Anawerenga chiimirire. Moni wa chidindo ndi magalasi anawerenga. Dzenje la pamsika anawerenga. Za penti kunja ndi dzimbiri mkati anawerenga osadumpha liwu. Palibe anaseka. Sindinamvepo nthabwala zanga zikuwerengedwa mokweza pakati pa anthu ometa mitu, ndipo sindifunira zimenezo ngakhale mdani.

Kenako anatembenuza pepala. Anawerenga njira yoyamba, anawerenga yachiwiri. Pofika pa mawu oti inu ndinu mukuwaona atate, mawu awo anachepa, Lena anachita kuwauza kuti akweze. Anawerenga za njinga yawo, za boma, za liwu limodzi. Anawerenga kuti mukakhala chete ndidzadziwa kuti atate angapirire. Anafika pa dzina langa, napinda kalatayo.

Amama anafunsa kuti inafika liti. A Miti anati pa 20. Amama anawerenga pa zala, kuchokera pa 20 kufika Lachinayi lija, zala za manja onse ziwiri zinatha, nayambanso. Sindidziwa ngati atate akadapirira msewu uja kumbuyo kukudumpha. Namwino wa pa kiliniki akuti mwina inde, mwina ayi. Amama sanafunse zimenezo.

Amama anayang'ana a Miti, osati ine, monga amachitira nthawi zonse akafuna kuyankha kalata.

"Tengani cholembera," anatero.

A Miti anatulutsa cholembera m'thumba la suti, natsamira pa galimoto, nadikira.

"Lembani kuti waya."

Analemba, nandipatsa. Kapepalako kali m'thumba la malaya anga.

Ndidzabwera Lachinayi. Matiresi ndawasiyira amama.

Ndine mwamuna wako,
Nicodemus